Laputopu Yasiya Kuyankhula

Pamzere wa pasitolo yokonza makompyuta, mayi wina anali atafungatira laputopu yakale. Bambo amene anaima kumbuyo kwake anamufunsa:

"Yatani imeneyi, mayi?"

"Yasiya kuyankhula, bambo. Malemu amuna anga analemba kapulogalamu kokumbutsa mayi awo kumwa mankhwala. Apongozi angawo saona, ndiye ankamva mawu a mwana wawo, amene anajambula asanamwalire. Dzana laputopuyi inapempha kuti ndiike sisitimu yatsopano, ine n'kuvomera. Chiyambire pamenepo, zii."

"Ikulemba chiyani?"

"Ikuti phukusi lina silikupezeka."

"Tandionetsani, ntchito yanga ndi yomweyi. Eya, phukusi limeneli ndi kachigawo ka sisitimu kotulutsa mawu, ndipo analisintha dzina. Kapulogalamu ka amuna anu kakuitanabe dzina lakale."

"Osinthawo saganizirako anthu?"

"Amaganizira ndithu. Kawirikawiri amasiya dzina lakale kuti lizilozera ku latsopano, podikira kuti olemba mapulogalamu akonze zawo. Pakapita nthawi amalichotsa."

"Woti akonzeyo ndi amene tinaika m'manda."

"Pepani kwambiri, mayi."

"Apongozi akukana mankhwala. Akuti mwana wawo sanawauze kuti amwe. Kodi mawuwo afufutika?"

"Ayi, alimo onse. Tiyeni tichoke pamzerepu tikakhale pabenchi apo, ndibwezeretse dzina lakalelo. Sizitenga nthawi."

"Zikomo, bambo. Koma mukamayesa, chonde mutsitse voliyumu. Kunyumba ndinazolowera kutuluka panja malemuwo akayamba kuyankhula m'laputopumu. Pano ndilibe kothawira."