Tinkati Ndi Vimbuza

Zikomo aulutsi, ndiwerengereni nkhani yangayi. Ndine mayi wa mwana mmodzi kuno ku Bolero. Bambo a mwanayu ali ku Joni, ndiye apongozi anga ndimawasamala ndine. Iwowa adayamba kalekale kuiwalaiwala, ngakhale dzina langa amachita kufunsa. Koma ndi munthu wofatsa, moti popita kudimba ndinkawasiyira mwana.

Tsiku lina masana pobwera kudimbako, ndidawapeza atakweza mpini, akulunjika pamphasa pomwe mwana adagona.

"Amama, mukutani?"

"Njoka iyo! Choka ndiiphe!"

Ndidadzigwetsa pa mwanayo, mpini n'kundipeza pamsana. M'mawa womwewo iwo omwewa ankamuimbira nyimbo mdzukulu wawoyo!

Alamu anga adati, "Mlamu, izi ndi vimbuza basi, mizimu yawagwira," nakaitana oimba ng'oma. Ng'oma zikulira, apongozi osavina, ankangotosatosa chitenje chawo, kenaka n'kuwodzera. Powasintha zovala ndidamva thupi lawo likutentha chomene, mkodzo ukununkha moipa. Ndidachonderera alamuwo mpaka tidawakweza pangolo.

Kuchipatala adokotala adapeza matenda a m'chikhodzodzo. Adati, "Mayi, kuiwala kwa ukalamba kumabwera pang'onopang'ono. Akasokonezeka mwadzidzidzi chonchi, ndiye kuti thupi ladwala. Mukadachedwa, mukadawataya."

Atalandira mankhwala adakhazikika, ndipo za njokazo sakumbukira n'komwe. Anzanga, nkhalamba ikasinthiratu tsiku limodzi, igwireni pamphumi, muthamangire kuchipatala.

Dzulo apongoziwo ataona mwanayo adatambasula manja nati, "Bwera naye kuno ndimunyamuleko." Ndidawapatsa. Koma kudimba sindidapite, ndidakhala pambali pawo pomwepo.