Majini a Kuchipinda cha Kuseri

Mayi eninyumba anamva kwa mkazi wa telala kuti mnyamata wochita lendi kuchipinda cha kuseri amagwira ntchito yodzutsa majini. M'mawa mwake anamudikirira pampopi, ndowa ili m'manja, mpaka anatulukira ndi mswachi kukamwa.

"Achimwene, kuntchito kwanu mumatani kwenikweni?"

"Timayeza ubongo wa makoswe, mayi. Ku labotale."

"Nanga za majini ndamvazi?"

"N'zoona."

Mayi anatula ndowa. "Simukukana n'komwe."

"Ndikanirenji? Khoswe akamaphunzira njira yatsopano, maselo a muubongo amatumizirana uthenga. Uthengawo ukachuluka, majini ena amene anali gone amadzuka."

"Anali gone kuti?"

"M'kati mwa selo. Ndi malangizo amene chamoyo chimabadwa nawo. Chimatengera kwa makolo."

"Akumtundu," anatero mayi, akupukusa mutu. "Ovuta kutulutsa ndi amenewo. Alipo angati?"

"Masauzande."

"Mwa khoswe mmodzi?"

"M'selo imodzi."

Mayi anakankha ndowa ndi phazi kuti ikhale pakati pawo. "Mwezi ukatha mundipatse makiyi anga. Nyumba ino ndi yopemphera."

"Koma mayi, si majini amenewo ayi. Awa ndi a sayansi, aja pa Chingerezi amati genes."

"Ngakhale apite kusukulu, majini ndi majini. Mumabwera nawo pano?"

Mnyamatayo anaganiza kaye, poti kunama sankakudziwa. "A makoswe amatsala kuntchito. Angawa ndimayenda nawo."

"Ohoo. Muli nawonso anu."

"Aliyense ali nawo. Inu nomwe."

"Samalani pakamwa, achimwene."

"Ndi abusa omwe."

"Abusa asiyeni."

"Iwowo ndiye awo amadzuka pafupipafupi. Amawerenga kwambiri."

Mayi anamanga bwino mpango wawo. Mnyamatayo anatsuka mswachi, akuganiza za kumene angakapeze chipinda china chokhala ndi mpopi pakhomo.

"Ndiye akadzuka amatani?" anafunsa mayi, maso ali kumbali. "Amakugwetsa pansi? Thovu kukamwa?"

"Thovuli ndi la mankhwala otsukira mano, mayi."

"Yankhani zimene ndafunsa."

"Sagwetsa munthu. Amauza selo kuti ipange mapuloteni olimbitsa pamene maselo alumikizana. Zikatero, chimene waphunzira chimakhazikika. Nyimbo zakwaya mumaloweza zija, ndi ntchito yawo."

"Nyimbo zanga musaziikemo. Nanga akapanda kudzuka?"

"Ndiye palibe chokhala m'mutu. Munthu kumuuza lero, mawa waiwala. Kumuuzanso, chimodzimodzi."

"Ngakhale kumuuza mokweza?"

"Ngakhale mokweza."

Mayi anayang'ana kukhonde, kumene amuna awo ankasinza pampando, wailesi ikulira pamimba, nsapato zamatope zili pasimenti yokolopa kumene.

"Makiyiwo bakhalani nawo," anatero akutola ndowa. "Mukaweruka mubwere ndi zida zanu. Majini a bambo anuwa sanadzukepo chikwatirane."