Anaphunzitsa Amuna Ntchito, Amunawo N'kumawaposa Malipiro

Malemu anabadwa pa 9 Malichi, 1961, achiwiri m'banja la ana asanu. Ine ndaima panone ndine mlongo wawo, chitsirizira m'banjamo.

Sukulu anailekezera folomu 2 mu 1978, bambo athu atamwalira. Mu 1983 anakwatiwa ndi alamu athu akhala apowa, amene nthawi imeneyo ankakonza mawotchi pakhonde la sitolo.

Mu 1986 analowa ntchito pafakitale ya nsapato, m'chipinda chodulira zikopa. Dzanja lawo silinkaphonya. Mwamuna aliyense wolembedwa kumene ankamupereka kwa iwo kuti amuphunzitse kugwira mpeni, mpaka anzawo anawatcha Aphunzitsi.

Mu 2009, kalaliki anasokoneza maenvulopu a malipiro. Malemu anatsegula ya bambo wina amene anamuphunzitsa okha ntchito, n'kupeza kuti akuwaposa pafupifupi kawiri. Atafunsa, abwana anayankha kuti mwamuna ndiye amadyetsa banja. Chonsecho alamu athu maso anali atayamba kale kuvuta, ndipo pakhomo onse ankayang'ana malemuwa.

Sanalalate. Anafufuza mofatsa, n'kumva kuti lamulo limati ntchito ikafanana, malipironso afanane. Mu 2011, iwo ndi amayi ena khumi anakadandaula kukhoti la zantchito. Posakhalitsa abwana anawasamutsira kuchipinda cha guluu, chopanda ndi zenera lomwe. Ife abale tinkawauza kuti angozitaya, ndipo lero ndikuvomera kuti anali mantha chabe. Iwo ankangotiseka, ati fayilo yawo imera imvi limodzi ndi eni ake. Mlandu unkangoimitsidwa, chaka ndi chaka, mpaka anapuma ntchito mu 2021.

Mu Januwale chaka chino anayamba kudwala mtima. Nkhawa yathu inali yakuti apita asanamve mathero. Koma pa 4 Juni chigamulo chinatuluka: amayiwo apambana, ndipo akazi onse pafakitalepo azilandira mofanana ndi amuna. Mwana wawo wamkazi anawawerengera ali pabedi kuchipatala. Anapempha kuti abwereze. Kenaka anaitanitsa tiyi n'kumwa kapu yonse, atatha masiku osalawa kanthu. Anatisiya pa 17 Juni masana, mwakachetechete. Tikulira, inde, koma mitima yathu ili m'malo.

Asiya amuna awo, ana atatu ndi zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Tikuthokoza anamwino amene anawasamalira, aneba, ndiponso amayi anayi otsala pa gulu lija, amene sanachoke pano kuyambira tsiku loyamba la zovutazi.

Achemwali, zimene munkadikira mwazimva ndi makutu anu. Usani mumtendere.