Giredi ya Singano

Makina osokera matumba atafika pafakitale, anthu asanu ndi mmodzi osoka pamanja anauzidwa kuti azipita kwawo, n'kutsala mmodzi yekha. Wotsalayo ndiye analowa m'kaofesi ka mlembi wa bungwe la ogwira ntchito, singano yake ataibaya pachipewa.

Anafotokoza ali chiimire. Wodina batani pamakinawo amalandira kuwirikiza katatu malipiro ake, koma ulusi ukakodwa amangopinda manja n'kuitana iyeyo, mwina kakhumi patsiku. Ankapempha kuti amukweze giredi.

Mlembi ananyambita chala n'kutsegula buku la mgwirizano, lomwe linasainidwa makinawo asanalotedwe n'komwe.

"Giredi imatsata chida, achimwene. Ulusiwo mumaumasula ndi chiyani?"

"Ndi singano."

"Ndiye ndinu wa singano. Giredi yotsiriza."

"Ndikamasula ndi sipanala?"

"Sipanala ndi ya amakaniko. Mukangoigwira, bungwe likulipitsani chindapusa polanda ntchito ya anzanu."

Wosokayo anayang'ana m'manja mwake. "Nanga chala?"

Mlembi anavundukula masamba mpaka kumapeto. Chala m'bukumo munalibe. Choncho, iye anati, ntchito ya chala ndi chifundo chabe, ndipo chifundo sichilipidwa. Akupukuta magalasi, anakumbutsa mnzakeyo kuti bukuli analivutikira milungu itatu ya sitalaka, ndipo chifukwa cha iyeyo palibe wantchito angakakamizidwe kuchita zomwe sizinalembedwe. Sanatchuleko zoti mpando wozungulira womwe anakhalapowo ndi fani ya m'kaofesimo anapatsidwa ndi manijala pomuthokoza kuti pafakitale pali bata.

"Ndiye yanga yolembedwa ndi iti?"

"Kusoka matumba pamanja. Mzere umodzi basi, ngakhale mwana angamve."

Wosokayo anathokoza mwaulemu. Anatuluka, anatola thumba limodzi, n'kukhala pabenchi pakhomo pomwepo, kusoka mosathamanga.

Sipanapite nthawi, makina anatsokomola n'kukhala chete. Wa batani anadina, anadinanso, kenako anapinda manja monga mwa masiku onse. Panja madalaivala a malole anayamba kuliza mahutala. Foni ya mlembi inalira, ndipo anaiyankha ataimirira, akugwedezera mutu khoma. Anati "inde bwana" kanayi, n'kusuzumira pakhomo.

"Achimwene, tathamangani mukaone ulusi uja."

"Ndi singano? Yolembedwa ndi ya matumba."

"Ndi chilichonse."

"Sipanala ndi chindapusa."

"Chala, achimwene, chala."

"Chala mulibe. Mwafufuza nokha."

Mlembi anatsitsa mawu. Anati si nthawi yowerenga mabuku ino. Bwana anena kuti makinawo akapanda kulira pofika nkhomaliro, kaofesi aka asandutsa mosungira matsache, mpando ndi fani zibwerere kumene zinachokera.

Wosokayo anadula ulusi ndi mano, osadzutsa mutu.

"Tsegulani bukulo, a mlembi. Mwina mpandowo unalembedwamo."