Kabati Yoyamba ndi ya a Desmond Threlfall

Olemekezeka a Meya a mzinda wathu wa Aldersby, Mayi Nuttall. Olemekezeka a Khansala a dera la kumtsinje, Bambo Garside. Mkulu wa apolisi, Mayi Ormerod. Abusa, amene mwatipatsa chipinda chino cha kuseri kwa tchalitchi. Mayi Lorraine Threlfall, amene mwayenda maola anayi pa sitima. Ndi inu anzanga amene mwaima kumbuyoko zikwama zili kumsana, amene pa mndandanda andipatsawu simunalembedwe: ndakulonjerani nonse. Inu akumbuyo, senderani kuno, mipando ili mbwee. Mwambowu ndi wanu.

Mawu anandilembera, masamba atatu, ndipo olembawo ndikuwathokoza, koma ndawasiya m'basi. Dala. Ine ndine Gordon Pickersgill, sukulu ndinaisiya ndili ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo timalamulo timene ndikudziwa ndinatiphunzira ndekha m'laibulale, chala chili pa mzere. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine maso a nkhono sindinawaonepo, ndipo a Khansala angachitire umboni. Musaseke kwambiri, bwana, ndikufikani.

Zaka makumi atatu ndinagwira ntchito ya khonsolo yotchetcha udzu m'mapaki. Koma pambali pa udzu panali ntchito ina imene sitinkaitchula kunyumba. Anthu akamanga matenti pa malo a khonsolo, khonsolo imakadandaula kukhoti kuti alowerera malo popanda chilolezo. Pepala la khoti likatuluka, amaliika m'pulasitiki kuti lisanyowe, n'kulimangirira pa chikhomo, ndipo wina amakachikhomera pansi pakati pa matentipo. Winayo ndinali ine. Pamwamba pa pepalalo sipakhala dzina la munthu. Pamalembedwa kuti: Kwa Anthu Osadziwika.

M'paki ya kumtsinje munkagona bambo wina, a Desmond Threlfall, amene kale ankawotcherera zitsulo kudoko. M'mawa uliwonse ankandiimitsa makina otchetchera n'kundipatsa tiyi m'chitini cha nyemba. Tsiku limene ndinafika ndi hamala, anatuluka m'tenti akukanda ndevu.

"A Zikhomo, mwandibweretsera kalata yachikondi? Tandiwerengerani, magalasi anga wina anawaponda."

Ndinawerenga. "Kwa Anthu Osadziwika."

"Ndiye si yanga imeneyo. Inu mumandidziwa. Shuga wanga mwamaliza ndinu, masipuni atatu atatu."

"Madala, siyani nthabwala. Lolemba kubwera lole. Longedzani."

"Ndilongedze ndipite kuti, achimwene? Paki ya khonsolo, msewu wa khonsolo, pansi pa mlatho pa khonsolo. Ndilozereni pamene palibe mwini, ndikagone pamenepo."

Malo oterowo mpaka lero sindinawapeze, chikhalirecho ndawerenga mabuku a malamulo odzaza wilibala.

Lolemba lija lole inafika a Desmond atapita kukaima pa mzere wa chakudya. Kapitawo anati chilichonse chopanda mwini pomwepo ndi chinyalala. Tenti yawo ndinainyamula ndine, ndi manja awa, n'kuiponya m'lole. Atabwerera sanafunse bulangeti, sanafunse nsapato. Anandigwira pa kolala.

"Nambala ya mwana wanga, Gordon. Inali m'kati mwa tenti."

Apa ndi pamene ife ogona m'nyumba timalakwitsa. Munthu wa panja foni amamubera, pepala limamunyowera, mutu nawo umatopa. Choncho nambala yofunika amailemba ndi inki yakuda pa nsalu ya tenti chakum'kati, pamwamba pa pamene amatsamiritsa mutu. Akumbuyoko akudziwa, taonani akugwedeza mitu. Ife a khonsolo, zaka zonsezo, panalibe ndi mmodzi yemwe wosuzumira. A Desmond ndi mwana wawo anali atakangana zaka zisanu ndi ziwiri m'mbuyomo, ndipo nambalayo ankadzuka nayo m'maso tsiku ndi tsiku, kudikira tsiku loti alimbe mtima aimbe.

Kapitawo uja ndinamuuza mawu amene abusa sangalole kuti ndibwereze muno, ndipo ntchito inathera pomwepo. Ndinapita kumtaya wa zinyalala. Masiku atatu ndili kalikiliki kufukula matenti obiriwira ofanana okhaokha, kung'amba ndi kusuzumira, kung'amba ndi kusuzumira. Lachinayi ndinaipeza, ndinadula kansalu ka nambalako, n'kuthamangira kupaki. Udzu wokhawokha. A Desmond anali atachoka. Ndinafunsa kukhonsolo, ndinafunsa kukhoti, konse anati pa mapepala awo palibe munthu wa dzina limenelo. Sananame. Pepala lopanda dzinalo ndinakhoma ndine.

Nambala ija ndinaiimba. Anayankha mayi akhala kutsogolowa, a Lorraine. Anati, "Bambo anga mwawaona? Ali moyo? Ndawafuna zaka zinayi." Kuchokera tsiku limenelo papita zaka zisanu, ndipo tikuwafuna tili awiri.

Choncho chipinda chino musachione kuchepa, komanso musachikuze. Si nyumba, ndipo wina asakanene pa wailesi kuti vuto latha, chifukwa lero lomwe anthu makumi anayi agona panja mumzinda muno. Muli makabati achitsulo makumi asanu ndi limodzi, kabati iliyonse ndi kiyi wake, ndi dzina la mwini wake pachitseko. Ndikuthokoza owotcherera zitsulo a kudoko amene anawapanga Loweruka ndi Loweruka, pokumbukira mnzawo. Ndikuthokoza mpingo chifukwa cha denga ndi magetsi.

Tsopano a Khansala, ndakufikani. Mwasaina kuti kuyambira lero tenti iliyonse yochotsedwa pa malo a khonsolo izibwera kuno kudzasungidwa milungu inayi, osati kumtaya. Tinakangana zaka ziwiri, tebulo lanu ndinalimenya mpaka kapu kugwa, munandituluka mu ofesi yanu yomwe, koma mwasaina, ndipo ulemu umenewo sindikulandani. Lamulo la malo likhalepo, sindikulikana, paki ndi ya tonse. Koma tikamati tonse tisamadumphe amene akugonamo. Ndipo dziwani kuti lole yotsatira ndidzailondola pa njinga, ndione kumene ikhotere.

Kabati yoyamba ili kale ndi dzina. Ine ndaikamo kansalu kobiriwira kaja, a Lorraine aikamo kalata ndi magalasi atsopano. Inu anzanga mumayenda mizinda yambiri, mumaima pa mizere imene ife sitifikako. Mukadzaona bambo wamtali wa ndevu zoyera, wopanda chala chaching'ono cha kumanzere, womwera tiyi m'chitini, mudzawauze kuti nambala ija inapezeka, ndipo mwini nambala sanaisinthe.

Mayi Lorraine, gwirani sizasiyi, riboni mudule ndinu. Ndi ulemu umene mwandipatsa lero, ndikulengeza kuti chipinda chosungiramo katundu wa anzathu ogona panja chatsegulidwa. Kiyi wa kabati yoyamba akhala pa msomali uwu mpaka mwini wake adzabwere.

Zikomo kwambiri.