A Ambrose Namakhwa ndi Makope Awo Anayi

A Ambrose Namakhwa, amene tikuwaperekeza lero, anabadwa mu 1966 kwa Mposa, m'boma la Machinga. Sukulu anaphunzira komweko, nalekeza Folomu 2 bambo awo atamwalira.

Mu 1991 anakwatira mayi Clementina a kwa Nsamala, nalowa ntchito yotsuka mabotolo mu labu ya chipatala china ku Balaka. Zina zonse anadziphunzitsa okha, poonerera anzawo ndi powerenga mabuku otayidwa.

Mayi Clementina atapezeka ndi shuga, insulini yawo inkawonongeka ndi kutentha ngakhale aisunge mumtsuko. Malemu zinawapweteka mtima. Kwa zaka khumi ndi ziwiri anayesa kukuta insulini ndi madzi onanda a therere ndi ufa wa malambe kuti isamafe mphamvu m'chilimwe. Sanabayepo munthu nayo. Ankangoyeza mu labu, zonse n'kumalemba m'makope anayi.

Mu 2022 kunabwera alendo pa galimoto yoyera, ati ofufuza ochokera mumzinda. Malemu, poti mlendo samanidwa, anawaphera nkhuku, nawabwereka makope atatu kuti akajambule kwa sabata imodzi. Sabatayo mpaka lero sinathe. Chaka chatha tinangoona pafoni lipoti la therere ndi insulini, mayina asanu ndi awiri ndondondo, la a Namakhwa palibe. Akuluakulu a banja anandiuza kuti ndime iyi ndidumphe. Iyayi, mbiri yawo ndi imeneyi.

Anali Mkatolika wokhulupirika, ndipo anaimba kwaya zaka makumi atatu. Anayamba kudwala chiwindi mu Januwale, natisiya Lachiwiri lapitali. Alendo aja, amene zaka zonsezi foni sankayankha, za maliro anamva tsiku lomwelo. Anawauza ndani, sitikudziwa. Dzulo afika ndi nkhata yamaluwa, ndipo asanapepese n'komwe, afunsa namfedwa za kope lachinayi, momwe muli miyeso yeniyeni.

Malemu asiya mkazi wawo mayi Clementina, ana atatu, Walter, Lena ndi ine Tasha, zidzukulu zinayi, ndi mng'ono wawo a Lyford. Asiyanso kope lija. Dzina lawo talilemba patsamba lililonse, bambo mfumu akuona. Wolifuna ayambe wabweza atatu aja pamaso pa anthu onse muli pano.

Bambo athu apumule mu mtendere. Zotsalazi tizionera ife.