Kalachi ya Che Jaffalie

Che Jaffalie a kwa Mponda anali ndi pikapu yakale ya otomatiki yonyamulira nsomba, ndipo chinkawasowetsa mtendere n'chakuti akazi awo, mayi Ajira, anali ataphunzira kuiyendetsa, moti ankangoitenga osapempha. Kuulula zimenezi kwa mwamuna mnzawo kunkawachititsa manyazi, ndiye m'mawa wina atadzuka n'kupeza pikapu palibe, anakwera kabaza n'kupita kutali kumene sadziwika, kwa makaniko wina dzina lake Ayub, kuti akakambirane zoisintha ikhale ya manyuwo.

"Salamu aleikum. Makaniko ndiwe?"

"Waleikum salamu, madala. Ndine," anatero Ayub akupukuta manja pa ovolosi.

"Sukuoneka."

"Ndinali kunsi kwa galimoto. Panopa ndikuoneka."

Che Jaffalie anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kupukusa mutu.

"Tamvera. Ndili ndi pikapu ya otomatiki. Ndikufuna uchotse giyabokosi yakeyo, uike ya manyuwo. Ya kalachi. Ya amuna."

"Giyabokosiyo yafa?"

"Ili moyo kuposa iweyo."

"Ikudontha oyilo?"

"Ayi."

"Ikulira?"

"Ikamalira ndi mwana?"

"Nanga tiichotseranji chinthu chamoyo?"

"Chifukwa ndanena."

"Chabwino. Ibweretseni ndiione."

"Palibe."

"Ili kuti?"

"Ndikanadziwa kumene ili, bwenzi nditabwera pakabaza ngati thumba la makala?"

Ayub anaika sipanala pansi.

"Iii, pepani madala. Yabedwa? Kupolisi n'kumene mwadutsa kuja."

"Sinabedwe. Imachoka."

"Imachoka?"

"Imachoka. M'mawa ndikamabwera kuchokera kumzikiti, pamene ndinaisiya pamangokhala nkhuku."

"Imachoka ndi ndani?"

"Ndati imachoka! Wamva kuti ndatchula munthu?"

"Aa, ndiye imachoka yokha. Ndi handibuleki imeneyo. Pakhomo panu ndi potsetsereka?"

"Kwa Mponda unakuonako kutsetsereka iwe? Ndi pamchenga, pathyathyathya ngati mphasa."

"Muziika mwala kutayala."

"Ndinaika."

"Ndiye?"

"Ndinaupeza uli pambali, atayanikapo mapoto."

"Galimotoyo inachotsa mwala?"

"Usandifunse za mwala. Ndabwera za kalachi."

Ayub anakanda m'mutu.

"Madala, otomatiki imasintha magiya yokha, izo n'zoona. Koma kuchotsa mwala, kutuluka pageti, ine sindinaonepo. Mwina zatsopanozi. Yanuyo mwati ndi yakale?"

"Inabwera kuchokera ku Joni iwe ukudya dothi."

"Kiyi mumasunga kuti?"

"M'thumba la buluku."

"Buluku mumagona nalo?"

"Ndine wamisala ine?"

"Ndiye limagona kuti?"

"Pamsomali. Iwe, kodi ndabwera kugalaja kapena kubwalo la milandu?"

"Ndikufuna ndipeze matenda, madala. Ikachoka chonchi imabwerako?"

"Imabwera. Madzulo."

"Ili bwinobwino?"

"Yotsukatsuka. Thanki yodzaza. Nsomba zonse zitagulitsidwa."

"Imadzithira mafuta?"

"Eee."

"N'kugulitsa nsomba?"

"Eee!"

Ayub anasendera pafupi n'kutsitsa mawu.

"Madala, galimoto yotere musaikonze. Mundigulitse ineyo."

"Asa! Ndikukuuza mavuto anga iwe ukuona msika?"

"Vuto lake ine sindinalimve."

"Vuto ndi mpando! Ndikalowamo ndimapeza mpando wasunthidwa mpaka kutsogolo, maondo angawa kuchita kugunda chiwongolero. Galasi lapendekera kwina. Wailesi ndimaisiya pa mpira, ndimaipeza pa pulogalamu ya zophikaphika. M'kati monse mukununkhira mafuta odzola."

Ayub anabwerera m'mbuyo.

"Subuhanallah. Izi si za sipanala. Pitani kwa shehe."

"Kwa shehe kukatani?"

"Muli chiwanda m'galimotomo. Ndipo n'chachifupi."

"Pakamwa pako, iwe!"

"Mpando mwanena nokha. Chikanakhala chachitali chikanaubweza m'mbuyo."

"Si chiwanda!"

"Mwachionapo?"

"Ndimachiona tsiku ndi tsiku."

"Masana?"

"Masana, m'mawa, nthawi ina iliyonse. Mangochi yense amachiona. Chimadutsa pamsika chikuimba hutala, chigongono chili pawindo. Anzanga a pabawo ayamba kundiitana kuti a Pasenja. Ine! Munthu woti ndinayamba kugula usipa ku Nkope iwowo akuwedza ndi nsungwi."

"A Pasenja. Ndiye kuti mumakweranso?"

Che Jaffalie anayang'ana kumbali, n'kulavula.

"Lachisanu lapitali. Tikutuluka mumzikiti, gulu lonse, pikapu ija ndi iyo. Inaima. Hutala pii! Anthu onse maso pa ine."

"Inakuzindikirani."

"Ndinakwera kumbuyo. Pamodzi ndi madengu. Ndi mkanjo wanga woyera."

"Bwanji osakhala kutsogolo?"

"Kunali kodzaza."

"Ndi ziwanda zina?"

"Ndi anzake a kubanki nkhonde! Iwe, mutu wakowu uli ndi injini koma?"

"Chiwanda cha banki nkhonde," anatero Ayub pang'onopang'ono. "Chimenecho n'choopsa. Sichichoka msanga."

"N'chifukwa chake ndikufuna kalachi! Uike kalachi yolimba, yoti munthu akaponda azimva mpaka m'chiuno. Giya yake ikhale yokakamira, yofuna dzanja la mwamuna. Tione ngati idzachokenso."

"Kalachi iletsa bwanji?"

"Chinthucho sichidziwa kalachi."

"Munachifunsa?"

"Ndichifunsenso? Ndakhala nacho nyumba imodzi mpaka imvi izi. Chimene chimadziwa ndi kuika pa D n'kuponda. Zimenezo ngakhale mbuzi itha."

"Mumakhala nacho m'nyumba?"

"Nanga chikakhale kuti?"

"Ana sachiopa?"

"Achiope bwanji, poti n'chimene chinawabereka?"

Ayub anakhala pansi pa tayala, n'kuyang'ana Che Jaffalie.

"Madala, inu mwapirira."

"Zakupirira zisiye. Ntchitoyi uitha kapena ndipite kwa amakaniko enieni?"

"Kuitha ndiitha. Koma si ntchito yamasewera. Giyabokosi yonse itsike. Tipeze ina ya manyuwo yolingana ndi injiniyo. Tiboole pansi poti ndodo ya giya itulukire. Shafuti yopita kumatayala akumbuyo mwina ikhala yaitali kapena yaifupi, imeneyo mpaka kwa owotcherera. Mawaya ena tiwanamize kuti galimoto izilira. Kenako tiike chopondera chachitatu."

"Chachitatu cha chiyani?"

"Cha kalachi."

"Zopondera zikhala zitatu?"

"Zitatu."

"Miyendo ndili nayo ingati ine?"

Ayub anawerama n'kuyang'ana.

"Iwiri."

"Ndiye chachitatucho aponde ndani? Ukufuna kundibera eti? Uike ziwiri basi. Kalachi ndi moto."

"Buleki tichotse?"

"Ndani wanena za buleki?"

"Mwati ziwiri."

"Ziwiri kuphatikiza buleki!"

"Ndiye zitatu."

"Iwe, sukulu unalekera pati?"

"Madala, pepani, manyuwo munayendetsapo?"

Che Jaffalie anaseka mokweza mpaka wakabaza amene ankawadikira kumsewu anatembenuka.

"Tamumvani mwanayu! Mwamuna amachita kuphunzira manyuwo? Zimenezo timabadwa nazo. Malume anga ankayendetsa lole ya matabwa, ine ndili pambali pawo ndikuona zonse."

"Kalachi ndi iti?"

"Ya kumanja."

"Ya kumanja ndi ya moto."

"Ndimanena kumanja kwako, poti wandiyang'ana."

"Ooo." Ayub anadzuka, natola njerwa zitatu n'kuzindandalika pansi. Anakoka kireti ya mabotolo n'kuiika patsogolo pake, kenako anazika chitsulo mumchenga cha kumanzere. "Khalani apa. Iyi kalachi, iyi buleki, iyi moto. Chitsulochi ndi giya. Aliyense wofuna manyuwo ndimayamba ndamuyesa, kuopa kudzandinena kuti ndaononga galimoto."

"Ine ndikhale pakireti?"

"Ndi mpando. Ndausunthira kale m'mbuyo."

Che Jaffalie anakwinya mkanjo n'kukhala, nkhope ili gwaa.

"Lizani."

"Ndaliza."

"Sindinamve."

"Vuuum! Wamva tsopano?"

"Yalira. Tiyeni."

Che Jaffalie anaponda njerwa ya kumanja n'kukoka chitsulo.

"Mwathyola giya."

"Ndathyola chiyani?"

"Simunaponde kalachi. Mano onse a giyabokosi ali pansi. Tiyambirenso."

Anapondanso, ulendo uno njerwa ya kumanzere, koma ndi mwendo wamanja.

"Mwendo winawo, madala. Wamanzere."

"Wamanzerewu suyendetsa galimoto. Umapuma."

"Ku manyuwo sumapuma. Pondani. Eya. Lowetsani wani. Tsopano tulutsani kalachi pang'onopang'ono, uku mukupatsa moto."

Che Jaffalie anachotsa phazi kamodzi n'kamodzi.

"Mwazimitsa."

"Ndazimitsa chiyani? Ndi njerwa izi!"

"Ngakhale ndi njerwa, mwazimitsa. Lizaninso."

"Vuum!"

"Kalachi. Wani. Pang'onopang'ono. Ayi, musayang'ane kumapazi, yang'anani kumsewu. Moto, madala, moto! Iii, buleki! Buleki!"

Che Jaffalie anaponda njerwa ziwiri nthawi imodzi ndi mapazi onse, kireti n'kupendekeka, iwo chagada mumchenga, kofia uko.

Ayub anagwira pakamwa.

"Mwagunda wakabaza wanu."

"Chitsiru iwe!" anakalipa Che Jaffalie akudzuka n'kudzisansa mchenga. "Njerwa zakozi n'zokhota! Pa galimoto yeniyeni sizingatero. Ndiphunzira tsiku limodzi. Chachikulu n'chakuti chinthu chija chisaiyendetsenso. Ngakhale pikapuyo ikhale pakhomo mwezi wathunthu nkhuku zikuikiramo mazira, bola kiyi ali m'thumba mwanga ndipo pabawo andiitane dzina langa. Wamva?"

"Ndamva."

"Ndiye uyamba liti?"

"Giyabokosi za manyuwo zikusowa. Ndinali nayo imodzi, koma yapeza kale mwini. Yanuyo ndi pikapu yanji, kuti ndifunse anzanga a ku Liwonde?"

"Yoyera. Chitseko cha dalaivala n'chobiriwira, tinachita kugula china. Kumbuyo timamanga ndi chingwe cha ukonde."

"Nyali ya kumanzere yomata ndi selotepi?"

"Eee."

"Pagalasi lakumbuyo palembedwa kuti Zonse ndi Nthawi?"

"Waidziwa bwanji?"

"Aa, madala, bwenzi mutanena kale! Mesa ndi imene ndinali kunsi kwake ija? Ili kuseriku."

Anazungulira kuseri kwa shedi. Pikapu ija inali pamenepo, yokwezedwa pazitsa, matayala akutsogolo ali m'malere. Giyabokosi ya otomatiki inali pansi pa chiguduli, oyilo wofiira akutsikira m'beseni. Pambali pake panali giyabokosi ina, yotsukidwa bwino, ikudikira.

Che Jaffalie anagwira chitseko chobiriwira chija ngati akupereka moni kwa wodwala.

"Wa... wachita izi ndani?"

"Ine."

"Wakutuma ndani?"

"Mayi ena ake. Aafupi, aulemu kwambiri. Anabwera sabata yatha kudzakamba, lero m'mawa ndiye aibweretsa. Anati afuna makaniko wakutali, woti sawadziwa."

"Anati uchite chiyani?"

"Zomwe mwanenazi. Kalachi yolimba."

"Chifukwa?"

"Anati pakhomo pawo pali chinthu. Iwo akagwira ntchito tsiku lonse n'kuthira mafuta, chinthucho chimadya, kusamba, kudzola perefyumu, n'kuitenga pikapu ulendo wa ku Nkope, kumene akuti chikufunsira mayi wina wokazinga kanyenya. Pobwera thanki ili gwa, youma. Anati chinthucho chimangodziwa kuika pa D n'kuponda."

Che Jaffalie anachotsa dzanja pa chitseko chija.

"Ndiye inetu ndadabwa," anapitiriza Ayub. "Galimoto imodzi, ziwanda ziwiri. Chachifupi cha masana, ndi china cha madzulo. Chamadzulocho inu simunachionepo?"

"Khala chete!"

"Mayiwo anati n'chokalamba, koma sichidzimva."

"Ndati khala chete! Ajira ameneyo kalachi akaidziwira kuti? Akunama! Akungofuna kuononga galimoto!"

"Ndinawayesa, madala. Panjerwa zomwe zija."

"Anazimitsa kangati?"

"Sanazimitse. Anadzutsa bwinobwino, kuwoloka buliji, kukwera mapiri onse mpaka ku Namwera, n'kubwerera chobwerera m'mbuyo kuti andionetse. Akuti asanakwatiwe ankayendetsa thirakitala ya kuesiteti ya fodya, bambo awo akadwala."

"Thirakitala? Ine osandiuza?"

"Mwina simunachifunse. Pepani, simunawafunse. Kodi ndi akunyumba?"

Che Jaffalie anavula kofia, kuivalanso, n'kugwira Ayub pamkono. Mawu awo anali atafewa.

"Ayub, mwana wanga. Tamvera. Otomatiki ndi galimoto yabwino. Azungu sanali opusa poipanga. Tenga giyabokosi ili pansiyi, uibwezere mmene inalili. Lero lomwe. Zopondera ziwiri zimakwana munthu."

"Mesa munati otomatiki ngakhale mbuzi itha?"

"Ndimacheza."

"Munati ndiike ya amuna."

"Ndasintha maganizo! Mwini galimoto ndine, ndikukulamula, bwezera!"

Ayub anatola sipanala yake, n'kugona chagada, n'kuyamba kudzikokera kunsi kwa pikapu.

"Ayi madala, pamenepo ndiye mundikhululukire," mawu ake anamveka kuchokera pansipo. "Mayi abwera okha, akufuna kalachi. Bambo mwabwera nokha, mukufuna kalachi. Banja logwirizana chonchi ine sindingalipasule."